Mwala Umene Sunagwe

Akuti mwalawo unagwa Lolemba m'mawa. Pofika Lachitatu, woweruza anali atalamula kale chingwe.

Ndi mmene zimayendera kuno ku Hollerreuth nkhani ikakhudza munda wa Adona. Ng'ombe yako ikabedwa, udikira chilungamo mpaka ndevu zichite imvi. Koma munthu afere pabwalo la zisudzo la Dona Ottilie, mkazi wa mfumu ya dziko lino, kutatsala tsiku limodzi kuti Adonawo akhale pansi pa malo omwewo, ha! Mapepala amachita kuuluka.

Bwalolo Adona analamula kuti limangidwe ngati bwinja. Eya, bwinja latsopano: mauta asanu amiyala, zipata zazitali zopindika pamwamba, oima mondondozana pakati pa mitengo, opanda denga, ong'aluka, ogumuka apa ndi apo ngati anasiyidwa ndi anthu amakedzana. Ife tinazolowera. Munthu amene anamata khoma la chipinda chake ndi magalasi osweka, n'kuika kasupe wonyowetsa alendo mwadzidzidzi, akati akufuna bwinja umangomumangira bwinja.

Wakufayo anali Bwana Rellinger, kapitawo wamkulu wa mundawo, munthu wochokera kumpoto amene zaka zinayi zonse sanaphunzire kupereka moni. Anamupeza chafufumimba pakati pa bwalo, mutu utaphwanyika kunkhongo, mwala waukulu ngati buledi uli pambali pake. Pamwamba penipeni pa mtembowo, pa uta wachitatu, panali mpata. Wofunsanso ndani? Ndipo mmisiri amene anamanga mautawo, Sebald Kretschmer, anavomera yekha pomwepo kuti ntchito yake ndiyo inali yoipa.

Veit Rauscher, msilikali wa bwalo la milandu, anaima pamaso pa woweruza chipewa chili m'manja.

"Munthu wavomera yekha," anatero woweruza, maso ali pamapepala. "Ukanagwa Lachiwiri mwala umenewu, bwenzi tikulira Adona. Katenge mawu a mboni pepalali lidzaze, Lachisanu timunyonge."

"Ndi mlamu wanga, bwana. Anakwatira achemwali anga."

"M'tauni muno ndani sali mlamu wa wina? Pita."

*

Hollerreuth ili ndi chipinda chimodzi chokha cha akaidi, pansi pa bwalo la milandu, ndipo kiyi wake amayenda naye ndi Veit. Anapeza Sebald atakhala paudzu, manja ake akuluakulu aja ali pamaondo ngati zida zimene mwini wake waiwala.

"Alamu."

"Wabwera."

"Ndabwera kuti mundiuze zoona."

"Ndinanena kale. Laimu womatira miyala anachepa. Ndinafulumira."

"Inu? Kufulumira?" Veit anagwada kuti amuone m'maso. "Inu amene munagumula khoma lonse la tchalitchi chifukwa linapendekera chala chimodzi? Inu amene simunalankhulane ndi mng'ono wanu chaka chathunthu chifukwa anasema mwala wa pawindo mokhota? Mundiyang'ane, alamu."

Sebald sanamuyang'ane. "Munthu amakalamba."

"Ndinu munayamba kuuona mtembo?"

"Ndine. Ndinapita kukaona masitepe. Ndinamupeza ali gone, ndinakuwa."

"Munakuwa nthawi yomweyo?"

"Ndinakuwa." Anatsitsa mawu. "Tamvera, Veit. Kuni, chemwali wako, asamve za chingwe. Ine ndamuuza kuti andikwapula n'kundichotsa m'bungwe la amisiri, basi. Akamve zitatha. Lumbira."

"Alamu, zimenezo..."

"Lumbira, iwe!"

Veit analumbira. Chifundo chinamugwira, pakuti Kunigunde, mlongo wake wamkulu, ndiye anamulera mayi awo atamwalira, ndipo mkazi ameneyo anali atalira kale zokwanira pamoyo wake. Anadzuka, n'kulowetsa kiyi pachitseko.

"Mwala uja uli kuti?" anafunsa Sebald kumbuyo kwake.

"Uli kwa ine, m'thumba."

"Ukauponye m'dziwe. Ndi wamagazi, ndi watsoka. Lero lomwe."

Veit anakhoma chitseko n'kuima panja nthawi yaitali. Munthu wotsala ndi masiku awiri amafunsa za mkazi wake, za m'busa, mwina za mowa. Uyu akufunsa za mwala.

*

Kubwalo la zisudzo anapeza mayi Walpurga Zeitler ali pamakwerero, chidebe m'manja, ntchentche zili ng'waa pamutu pawo. Ntchito ya mayi amenewa inali yokalambitsa miyala. Ankaipaka chambiko chosakaniza ndi ndowe kuti ndere zimere msanga, bwinja la Adona lioneke lakale. Fungo lawo linkafika iwo asanafike, ndipo pakamwa pawo sipankapuma.

"Ee, mwana wa a Rauscher! Wabwera kudzandimanga? Ndimange, mwanawe, ndikapumeko. Zaka zitatu ndikupaka miyala chakudya chimene ana anga akanamwa. Mwamuna wanga akuti ndikamagona ndizitulutsa manja pawindo. Ndati iwe, unandikwatira ndikununkhira duwa, upirire!"

"Mayi, ndikufuna muone chinthu."

Anamasula thumba n'kuika mwalawo pansi. Mbali imodzi inali yomata laimu woyera. Mbali zina zinali ndi ndere, ndi magazi atauma.

Walpurga anatsika, anawerama, ananunkhiza, n'kukanda ndi chikhadabo. Kuseka konse kunatha.

"Ndere izi si zanga."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Zanga ndi zobiriwira, zofewa ngati ubweya wa mwanawankhosa. Taona apo. Taona apo. Mwala uliwonse pabwalo pano ndinaudyetsa ndi manja angawa, ndimawadziwa ana anga. Izi ndi zachikasu, zouma gwa, zomatirira ngati chipere. Izi sizimera ndi chambiko, mwanawe. Izi zimamera ndi zaka." Anaweramuka akugwira msana. "Zoterezi ndinkaziona kumanda akale paphiri paja, asanagumule katchalitchi kaja kuti Adona aziona bwino chigwa."

Veit anakweza maso n'kuyang'ana mpata wa pa uta wachitatu.

"Mpata uwo, mayi, unalipo kale kapena wabwera Lolemba?"

"Aa, ndingadziwe bwanji? Bwalo lonseli ndi mipata yokhayokha. Wina apa, wina apo. Amene amadziwa mpata womanga dala ndi mpata wangozi ndi Sebald yekha. Enafe timangoona bwinja."

"Ndibwerekeni makwererowo."

Anawakokera pa uta wachitatu n'kukwera. Atafika pamwamba anasuzumira mumpatamo, ndipo timilomo tinayi tachikasu tinayasamula kumaso kwake, tswii tswii tswii. Chisa cha namzeze chinali chitamatidwa bwinobwino pakona, matope ake ouma, pansi pake zitosi za milungu yambiri. M'mbali mwa mpatawo miyala inali yomangidwa ndi zitsulo zothiridwa mtovu, yolimba moti ngakhale ng'ombe ziwiri sizikanaisuntha.

Namzeze samanga chisa, kuikira mazira ndi kuswa ana m'masiku awiri. Pamenepo sipanakhalepo mwala chimangire bwalolo.

"Waona chiyani?" anakuwa Walpurga pansi.

"Mbalame, mayi," anatero Veit. "Mbalame chabe."

Chimwemwe chinamugwira, ndithu chinamugwira. Mlamu wake sanalakwe! Koma asanafike ndi pansi pomwe chimwemwecho chinazirala. Sebald ndiye anamanga mpatawo ndi manja ake. Ankadziwa bwino lomwe kuti sunagwetse kanthu. Nanga munthu angaike khosi lake m'chingwe chifukwa cha yani?

*

Kuseri kwa bwalolo kuli thanthwe, m'thanthwemo muli phanga, ndipo m'phangamo Adona anaikamo munthu. Anamva kuti minda ya mafumu enieni imakhala ndi munthu wodzipatula wopemphera m'phanga, tsono analemba ntchito Jobst, msilikali wakale wamwendo umodzi. Lamulo lake linali loti asamete ndevu, asasambe kwambiri, ndipo alendo akamadutsa azikhala chete atagwira chibade. Veit anamupeza akudya soseji, chibadecho atachiveka chipewa.

"Ine sindilankhula, bwana msilikali," anatero Jobst pakamwa pali todzaza. "Ndine woyera mtima. Funsani mnzangayu."

"Siya zimenezo, Jobst. Munthu anyongedwa Lachisanu."

"Ndamva." Anapukuta ndevu. "Sebald ndi munthu. Mwendo wamtengowu anandikhomera chitsulo kunsi kwake osafuna ndi zikomo yemwe."

"Lolemba m'mawa unali kuti?"

"Ndikanakhala kuti? Kuvina? Ndinali pano."

"Unamva mwala ukugwa?"

Jobst anaseka mopanda chimwemwe. "Aphwanga, bwalo ili analimanga kuti woimba akanong'ona pakati paja, wokhala kumapeto amve. Ine kuno ndimamva chilichonse. Anthu akamabwera kudzakumbatirana mobisa ndimamva mpaka mabatani. Mwala ukanagwa kuchokera kumwamba kuja, ndikanalumpha ndi mwendo umene ndilibewu. Ndinamenya nkhondo ziwiri ine, ndimadziwa kulira kwa chinthu chogwa. Ichi sichinagwe."

"Unamva chiyani tsono?"

"Anthu awiri akulankhula. Rellinger ndi mkazi."

"Mkazi wake uti?"

"Maso anga sapenya kuseri kwa thanthwe."

"Makutu ako nanga?"

Jobst anaika soseji yake pansi. "Makutu anga anamva mawu, sanamve dzina. Mkaziyo sankakuwa ayi. Ankapempha mwaulemu, ngati wopempha mchere. Akuti, 'Bwana, mundipatse chidutswa chinacho, ndikachiike pamalo pake.' Kawiri, katatu. Rellinger n'kuseka. Ukukudziwa kuseka kwake kuja, kwa m'mphuno. Akuti, 'Mwala ndi mwala, mayi iwe. Kaubwezere pamanda a Bijou pomwe wautola, ukuwononga maonekedwe.'"

"Bijou? Galu wa Adona uja?"

"Yemweyo. Anafa mwezi wa Epulo. Amumangira manda kumunsi uko, pafupi ndi dziwe, amisiri ochokera kunja. Atsegula sabata yatha. Kagalu kosatha ndi kuuwa komwe, koma manda ake kuposa a bishopu."

"Kenako?"

"Kenako phii, kamodzi, ngati dzungu lagwa pangolo. Kenako zii. Patapita nthawi ndinamva nsapato zolemera za Sebald. Anaima. Anachoka mothamanga, anabweranso, ndinamva chitsulo chikupala ngati munthu akumata. Atatha zonsezo ndi pamene anakuwa."

"Bwanji sunanene zimenezi kwa woweruza?"

"Anandifunsa ndani? Ine ndi chokongoletsa munda, ngati kasupe uja." Anamuyang'ana Veit ndi maso ofiira, nthabwala zonse zitathawa. "Ndikuuze ngati mkulu wako. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukadali ndi mpata wobwerera kunyumba n'kukagona."

Veit ananyamula thumba lake, ndipo linalemera kuposa mmene linalili m'mawa.

*

Anakhala pansi pa mtengo, kutali ndi tinjira ta alendo, n'kutulutsa mwalawo. Laimu wa zaka zitatu amalimba ngati mwala womwewo. Uyu atamudina ndi chala chachikulu anabonyoka. Anatulutsa mpeni n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, laimu akugwera paudzu ngati ufa.

Choyamba kuoneka chinali chizindikiro chakumunsi, kamtanda kokhala ndi mchira. Mmisiri aliyense amasema chizindikiro chake pa ntchito yake, ndipo ichi Veit ankachidziwa kuyambira ali mwana. Chinali cha Sebald.

Kenako zilembo. L. O. N.

Anapala mofulumira. Anadzicheka chala, osamva. Anapalabe mpaka zonse zinaonekera: LONIA.

Sanafunikenso kupita kudziwe, koma miyendo inamutengera yokha. Manda a galuyo anali monga Adona amakondera: chipilala chothyoka dala, khoma logumuka dala, zidutswa zamiyala zomwazidwa paudzu mwaluso, zonse zakale zenizeni, zandere zachikasu. Wina anaona kuti zilembo zofufutika zimakongoletsa bwinja, tsono miyala ina anaiika zilembo zili kunja. Pakhomapo, pafupi ndi pansi pomwe agalu ena akanakwezera mwendo, panali chidutswa cholembedwa APOL. Veit anagwada n'kugundanitsa chakecho. Zinalowana ngati mano.

Apollonia Kretschmer. Mwana mmodzi yekha wa Sebald ndi Kuni, amene nthomba inamutenga ali ndi zaka zisanu. Veit, malume ake, ndiye ananyamula kabokosi ka maliro ake kukwera nako phiri, ndipo kanali kopepuka moti mpaka lero manja ake amakumbukira. Mwalawo Sebald anausema milungu itatu osalankhula ndi munthu. Pamene ankagumula katchalitchi kaja, Rellinger analonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti miyala ya pamanda ipita kumanda atsopano. Sinafike. Anthu atafunsa, anati inasochera panjira.

Ndipo mkazi amene ankapalira tinjira ta kumunsi kuno Lolemba lililonse, Veit ankamudziwa. Anakhala pansi paudzu wa Adona n'kulira ngati mwana.

*

Anapeza Kuni kukhitchini, dzuwa lili paliwombo. Anali akusungunula mafuta a tsekwe m'kapoto n'kumathira m'kabotolo. Patebulo panali nsalu zoyera zong'ambidwa bwino, zopindidwa.

"Walowa ngati wakuba, Veit. Wadya?"

"Ayi, achemwali."

"Khala pansi. Awa ndi a pamsana pa mlamu wako akamukwapula. Akuti zikwapu zimapola msanga ukapaka tsiku lomwelo."

Veit sanakhale. Anamasula thumba n'kuika mwalawo patebulo, zilembo zili m'mwamba.

Kuni anachotsa kapoto pamoto. Anapukuta manja paepuloni, chala chimodzichimodzi. Kenako anayendetsa dzanja pazilembozo.

"Wamuchotsa laimu uja," anatero. "Wachita bwino. Amamutseka kumaso."

"Achemwali, ndiuzeni."

"Ukudziwa kale, ukufunanso chiyani?" Mawu ake anali odekha, otopa. "Ndinapita kukapalira. Ndinagwada kuti ndizule udzu, n'kuona dzina la mwana wanga lili pansi, lothyoledwa pakati. Zaka ziwiri ndakhala ndikupita paphiri paja osadziwa poika maluwa, Veit. Anasalaza ponse. Ndimangoima pamene mtima wandiuza. Ndiye ndimupeze akulondera galu?"

"Munapita kwa Rellinger."

"Ndinanyamula chidutswachi paepuloni. Sindinapite kukamenya munthu, Mulungu akudziwa. Ndinapita kukapempha. Ndinamutchula bwana. Anaseka. Akuti anachita kuuthyola yekha ndi nyundo chifukwa wathunthu sunkaoneka wakale mokwanira. Atatero anandifulatira, n'kugwada kumanga lamba wa nsapato, ngati ine ndachoka kale." Anayang'ana manja ake. "Manja anga anakwera okha. Sindinganamizire manja, ndi anga. Ndinapha munthu, ndipo chiphereni sindinagone."

"Alamu anakuonani?"

"Tinakumana panjira, ine ndikutuluka. Anangoyang'ana epuloni yanga. Anati pita kunyumba, ukachape, usatsegule pakamwa. Dzulo nditamupititsira chakudya ndinamuuza kuti ndikadzipereka. Wandikalipira. Akuti msana wake ndi wolimba, zikwapu makumi atatu si kanthu, ntchito tikafuna kwina. Akuti mkazi wopha munthu amadulidwa mutu, koma mmisiri wolakwitsa amangochititsidwa manyazi." Anayang'ana kabotolo kaja. "Manyazi amenewo amupha pang'onopang'ono, ndikudziwa. Koma wandiletsa, ndipo ndamumvera."

Veit anayang'ana pansi. Anakumbukira lumbiro lake.

"Veit."

"Achemwali."

"Ndiyang'ane. Ndinakulera ine. Ukamabisa kanthu makutu ako amafiira. Zikwapuzo ndi zingati?"

Veit anatembenukira kumbali.

"Ndati ndi zingati?"

"Si zikwapu, achemwali. Ndi chingwe. Lachisanu m'mawa."

Kuni sanakuwe. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri mpaka zala zinayera. Kunja ngolo inadutsa, nkhuku zinalira, moyo wa anthu ena unapitirira.

"Wabodza uja," anatero pomaliza, misozi ikutsika. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanandinamizepo, lero ayambire pamenepa?"

Veit anayamba kulankhula mofulumira, mawu akupunthwa. "Mverani. Malire ali pafupi, maola atatu wapansi. Nyamukani pompano. Ine ndidikira mpaka mawa madzulo, ndikapereka mwalawu, ndikawaonetsa chisa cha mbalame pampata paja. Aona kuti uta sunagwetse kanthu. Alamu atuluka, inu muli kutali."

"Iwe mwana iwe. Wagwira ntchito ndi woweruza ameneyu zaka zingati? Chingwe wagula kale, akufuna khosi loti akaonetse Adona. Akapanda kuona langa atenga la Sebald, akuti anabisa mlandu. Akakwiya kwambiri awonjezera lako." Anavula epuloni n'kuipinda. "Ndipo ndikathawa anena chiyani? Kuti mkazi wamisala anapha bwana popanda chifukwa. Chidutswa china chija chikhala pomwepo mpaka kalekale. Ayi. Ndikaima pamaso pawo ndikanene dzina la mwana wanga, alilembe papepala lawolo. Adona amve chimene anagonekera galu wawo. Mwina sakudziwa. Adziwe."

"Akudulani mutu, achemwali!"

"Ndapha munthu, Veit. Ukufuna afe ndi amene sanaphe?"

Anazimitsa moto ndi madzi, anatseka windo, anavala mpango wake wa Lamulungu. Mwalawo anaunyamula yekha. Veit atafuna kumulandira, anakana.

Anadutsa pamsika masana, anthu akuyang'ana. Lamulo limati msilikali aziyenda kumbuyo kwa wamlandu, koma Veit anayenda pambali pake, ndipo panalibe amene ananena kanthu.

Kwa woweruza sizinatenge nthawi. Kuni analankhula ataimirira, osawonjezera, osachotsera. Woweruza anatembenuza mwalawo kawiri, anawerenga zilembozo, ndipo nkhope yake inasintha. Mlembi analemba dzina la mwanayo, Kuni akumutchulira chilembo chimodzichimodzi.

"Mmisiriyo atuluke," anatero woweruza motsitsa. "Za kubisa mlandu tiziona pambuyo. Mayiyu alowe."

Veit ndi Kuni anatsika masitepe. Veit anatsegula chitseko. Sebald anakweza mutu, anaona mkazi wake atavala mpango wa Lamulungu, anaona nkhope ya mlamu wake, n'kumvetsa zonse.

"Unalumbira," anatero Sebald. "Unalumbira, galu iwe!"

"Ndinalumbira, alamu."

"Sindituluka. Ndine ndinalakwa. Laimu anachepa, ndikukuuzani, laimu anachepa!"

"Sebald," anatero Kuni, n'kulowa, n'kumugwira kumaso ndi manja onse awiri. "Laimu wako sanachepepo chibadwire chako. Dzuka. Pali ntchito ikukudikira. Ukatenge chidutswa china chija, ukalumikize, ukamuikire mwana pomwe ine ndimaima paja. Palibenso wina angathe."

Chimunthu chachikulu chija chinalira mokweza ngati ng'ombe. Panafunika amuna awiri ochokera pamwamba kuti amutulutse, ndipo ngakhale pamasitepe ankatembenukabe n'kumaitana dzina la mkazi wake.

Kuni anakhala paudzu pomwe mwamuna wake anakhala, n'kukonza siketi yake. Veit anakoka chitseko. Kiyi anakana kulowa. Anayesa kachiwiri, n'kukhoma kamodzi, n'kutsamira mutu pachitsekopo.

"Veit," anatero mlongo wake mkatimo.

"Achemwali."

"Ukhome kawiri, monga umachitira ndi ena."

Anakhoma kawiri.